Akamati "Zikutuluka", Siyani Kudzola

 Lero ndabwera nditapsa mtima pang'ono. Amene muli ndi timabotolo ta mafuta azitsamba m'chikwama mundikhululukiretu, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Pali mawu amene afala kuno ku Karonga ndipo ine akundinyansa kwabasi. Mawu ake ndi akuti "zikutuluka". Munthu wagula mafuta oti amachotsa ziphuphu, kapena okulitsa tsitsi, kapena osalalitsa khungu. Wadzola kwa masabata angapo. Khungu layamba kuyabwa, kwatuluka tinsungu, pena matuza ochucha madzi. Akabwerera kwa amene anamugulitsa, yankho limakhala lokonzeratu: "Musadandaule mayi, ndiye kuti mankhwala akugwira. Zoipa za m'thupi zikutuluka. Pitirizani, ndipo mutengeretu botolo lina." Abale, ili ndi bodza lamkunkhuniza. Palibe chikutuluka. Khungulo likukana mafutawo, ndipo tsiku lililonse limene munthu apitiriza kudzola akudzivulaza yekha, pa ndalama zakenso.

Inu amene munalemba Bayoloje pa MSCE, takumbukani. Zoipa za m'magazi zimasefedwa ndi impso, chiwindi chimaphwanya poizoni, mapapu amatulutsa mpweya woipa. Khungu limatulutsa thukuta, lomwe kwenikweni ndi madzi ndi mchere, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuziziritsa thupi. Mwana akanalemba pa mayeso kuti poizoni amatulukira m'matuza tikanamuthetha. Nanga bwanji ife akuluakulu tikuvomera? Bodza linzake ndi lija lakuti "izi n'zachilengedwe, zilibe makemikolo, sizingakupwetekeni". Chitedze n'chachilengedwe. Utomoni wa nkhadze ndi wachilengedwe, koma taudontheza m'diso uone. Mwabvi umene unatha anthu kalelo sunkachokera ku fakitale. Mtengo suzulika n'kuthawa mbuzi kapena mbozi, ndiye umadziteteza ndi makemikolo, ndipo ena mwa makemikolo amenewo ndi omwe amalowa m'botolo.

Mafutawa ali ponseponse. Pamsika wa pa boma, pa Uliwa, pa Songwe kumene katundu amawoloka kuchokera ku Kasumulu, m'maminibasi, pa WhatsApp. A nimu, a black seed, a tea tree, a bulugama, a adyo, a cham'mwamba, ndi ena osakaniza amene ngakhale wogulitsa sadziwa kuti muli chiyani. Koma chimene chandilembetsa ndi chakuti malondawa alowa m'chipinda cha aphunzitsi. Ndikudziwa kuti malipiro athu safika pa 15, ndipo geni sindikuyinyoza. Gulitsani mpunga wa kilombero, gulitsani usipa, gulitsani zitenje. Koma mphunzitsi akauza mwana wa sukulu kapena kholo lake kuti "zikutuluka", mawuwo amalemera, chifukwa wanena ndi munthu wophunzira. Choko chomwe chija chimene timalembera za maselo pa bolodi ndi chimene chikugulitsa botololo.

Teremu ina mtsikana wa Fomu 3 anayamba kubwera atakulunga mpango kumutu ndi m'khosi, mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ataitanidwa ndi aphunzitsi aakazi anavula mpangowo. Pamphumi m'mbali mwa tsitsi, kuseri kwa makutu ndi kukhosi kunali kotupa, kokandikakandika, pena pakuchucha madzi. Zikope zinali zitatupanso. M'mutu mwenimweni munalibe kanthu kwenikweni. Anali akudzola mafuta okulitsa tsitsi kwa mwezi ndi theka, ndipo atadandaula anauzidwa kuti ndi magazi oipa akutuluka. Kuchipatala anamuuza kuti asiye mafutawo n'kumupatsa mankhwala odzola a masiku ochepa. Patatha masabata 3 khungu linauma. Koma mabala akuda anatsala kwa miyezi, ndipo pa msinkhu umenewo mabala a kumaso si nkhani yaing'ono. Anajomba masiku ambiri. Ndipo mukudziwa chimene anzake anamulangiza? Agule mafuta oyeretsa khungu kuti mabalawo achoke.

Khungu limakana chinthu m'njira ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa ndiye chiyambi cha nzeru pa nkhaniyi.

Njira yoyamba ndi kupsereza. Chinthucho ndi chaukali basi, chimawononga khungu la wina aliyense ngati chachuluka kapena chakhalitsa. Adyo wosinja womangirira pa chipere amawotcha ngati moto. Mafuta a bulugama osasungunula amatero pa khungu la mwana. Madzi a mandimu opaka kumaso munthu n'kukayenda padzuwa angathe kusiya matuza ndi mabala akuda, chifukwa m'zipatso za mtunduwu muli makemikolo amene amalusa akakumana ndi dzuwa. Apa ululu umabwera msanga, umawawa kuposa kuyabwa, ndipo umakhala pomwe padzoledwapo.

Njira yachiwiri ndi imene timati kuwenga, ziwengo zenizeni, ndipo iyi ndi yachinyengo. Tsiku loyamba kudzola palibe chimachitika. Timakemikolo tating'ono kwambiri timalowa pakhungu n'kumamatira ku mapuloteni a thupi lathu. Maselo alonda a pakhungu amanyamula zimenezi kupita nazo ku timisempha ta m'khwapa kapena m'khosi tija timatupa tikakhala ndi bala, n'kukazionetsa kwa asilikali a m'thupi otchedwa T cells. Asilikaliwo amaloweza nkhope ya mdaniyo. Kulowezaku kumatenga masiku 10 mpaka 14, koma kwa ena kumachitika atadzola chinthucho miyezi kapena zaka popanda vuto. Akangoloweza, zatha. Ulendo wotsatira ngakhale kadontho kokha kamawadzutsa, koma safika pompo. Amatenga tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Ndiye munthu wadzola Lolemba, kuyabwa kwayamba Lachitatu, ndipo nthawi zina zidzolo zafalikira mpaka pamene sanadzolepo. Asilikali amenewa sachedwa kuloweza koma kuiwala ayi. Nthawi zambiri munthu amakhala nazo moyo wake wonse. N'chifukwa chake uphungu wakuti "pitirizani, thupi lizolowera" uli woopsa: mukungowaphunzitsa asilikaliwo kulusa kwambiri.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumateteza wogulitsa. Munthu amati, "Mafutawa ndadzola chaka chonse, sangakhale amenewa." Ndiye amayamba kufunafuna kwina. Amaganizira nsomba imene anadya dzulo, sopo, madzi a kunyanja. Zikakanika amayamba kufunafuna munthu. Boma lathu lino tikulidziwa tokha. Nkhani za agogo omenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba powaganizira ufiti si zachilendo kuno. Mwana akatupa nkhope usiku umodzi popanda chifukwa chooneka, chala chimaloza kwa nkhalamba ya kuseri kwa nthochi, pamene wolakwa ali pawindo m'kabotolo kolembedwa kuti 100% natural. Ndiye ndikamati nkhaniyi si ya khungu lokha, ndikutanthauza zimenezo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu a ku Karonga ndife amene tinayenera kuzimvetsa izi kuposa Amalawi ena onse. Mu 1979 ku Chilumba kunayamba kafukufuku wa khate wotchedwa Lepra Evaluation Project, motsogozedwa ndi Dr Jörg Pönnighaus ndi Professor Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. M'zaka za m'ma 1980 magulu awo anayenda nyumba ndi nyumba m'boma lonse lino, kuyang'ana khungu la anthu oposa 100,000. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 1996, zinaonetsa kuti katemera wachiwiri ankachepetsa khate ndi pafupifupi theka ngakhale sankateteza ku TB. Ntchitoyi inadzatchedwa Karonga Prevention Study, ndipo lero ili pansi pa MEIRU. Funsani makolo anu amene analipo. Ambiri anabayidwa kajakisoni kakang'ono pakhungu la mkono, ogwira ntchito n'kuchoka, n'kudzabweranso patatha masiku 2 kapena 3 ndi karula kudzayeza kukula kwa chotupa. Ankadikiriranji masiku onsewo? Ankadikira asilikali omwe aja. Kuyeza kwa TB kwa pakhungu ndi ziwengo za mafuta zimayenda njira imodzi m'thupi. Madokotala a m'mayiko akutali anaphunzira za chitetezo cha m'thupi kuchokera pa mikono ya agogo athu a ku Nyungwe ndi ku Kaporo, koma zidzukulu zawo tikunamizidwa ndi munthu wa chikwama m'minibasi. Zoona?

Njira yeniyeni yopezera chimene chikumuwenga munthu ilipo, ndipo si yatsopano. Imatchedwa patch test. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Germany, Josef Jadassohn, mu 1895, ndipo chimene chinamutsegula maso sichinali chitsamba ayi, anali mankhwala odzola a mercury amene madokotala omwe ankapereka. Maganizo ake ndi osavuta. Ngati ukuganizira chinthu, ika pang'ono pa khungu labwinobwino, phimba, dikira, uone ngati matendawo abwerenso pa kamalo kakang'onoko. Masiku ano amagwiritsa ntchito timbale tating'ono ngati mabatani tomatidwa pa pulasitala. M'kambale kalikonse amaikamo kemikolo imodzi yosungunulidwa pa mlingo wodziwika, kawirikawiri m'mafuta oyera a mtundu wa Vaseline. Mlingowu ndi wofunika: uyenera kukhala wochepa moti sungapsereze munthu wamba, koma wokwanira kudzutsa thupi la amene chimamuwenga. Mndandanda umene amayambira ku Ulaya uli ndi zinthu pafupifupi 30. Amamata kumsana, munthu amapita kwawo, osanyowetsa msanawo. Pakatha maola 48 amachotsa n'kuyang'ana. Amayang'ananso pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo nthawi zina patatha sabata, chifukwa zina zimachedwa. Pamene patupa ndi tinsungu amalemba +, pamene pali timatuza ++, pamene pali thuza lalikulu +++.

Mabuku ambiri a zimenezi analembedwa poyang'ana khungu la azungu, ndiye amangoti "pofiira". Pa khungu lathu kufiira sikuoneka bwino. Woyeza wodziwa ntchito amapapasa ndi chala kuti amve ngati patupa, ndipo amaunika ndi tochi cham'mbali. Ndipo ndimaseka ndekha ndikaganiza za pulasitala kumsana kwa munthu wa ku Karonga mu Novembala. Thukuta lake lingamatule zonse asanafike pa depoti. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha tsiku, sankhani Juni kapena Julayi.

Pa mndandanda uja pali nickel, chitsulo cha m'ndolo zotchipa ndi m'malamba, pali makemikolo a m'mphira, pali PPD wa mu utoto wakuda wa tsitsi, pali neomycin amene ndi mankhwala a kuchipatala. Palinso zonunkhiritsa zosakaniza, ndipo zambiri mwa izo zimapezeka m'zomera: m'sinamoni, m'ma clove, m'maluwa. Palinso utomoni wa mtengo wa ku El Salvador wotchedwa balsam of Peru. Mu 2019 akatswiri a ku Denmark ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, makamaka a ku Ulaya, anapeza kuti pafupifupi munthu 1 mwa 5 aliwonse ali ndi chinthu chimodzi kapena zingapo zimene zimamuwenga pakhungu. Nickel ndiye anatsogola, zonunkhiritsa zikutsatira. Dokotala wabwino amayezanso mafuta enieniwo amene wodwala wabwera nawo, atawasungunula kaye. Ichi n'chifukwa chake muyenera kusunga botolo. Osalitaya m'chimbudzi chifukwa cha mkwiyo.

Tsono yerekezani zimenezi ndi makina aja amene afika m'matauni mwathu, oti ugwire kachitsulo m'manja, kompyuta n'kulemba matenda 20 m'mphindi 2, mankhwala ake onse ali pa shelefu kumbuyo kwa woyezayo. Thupi limafuna masiku kuti liyankhe, ndiye makinawo amva kwa yani? Ngakhale kuyeza magazi kwenikweni kwa ku labotale, kapena kubaya pakhungu n'kuwerenga pakatha mphindi 15, kumayeza mtundu wina wa ziwengo, uja wa pompopompo wa mtedza, mazira kapena njuchi. Sikungakuuzeni za mafuta amene akukuyabwitsani patatha masiku awiri.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, patch test yanuyo tiipeza kuti ku Wiliro?" Funso labwino. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi simuipeza, imafuna katswiri wa khungu ndi zipangizo zake. Koma gawo lalikulu la kupeza matendawa limachitika ndi maso ndi mafunso, ndipo zimenezo sizifuna magetsi. Alipo ma clinical officer a kuno ku Malawi amene anaphunzira za khungu ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania, sukulu imene inatsegulidwa mu 1992, ndipo zipatala zazikulu monga Mzuzu Central zimaona odwala khungu otumizidwa kuchokera m'maboma. Munthu wotere amayamba ndi kuona malo. Zidzolo za m'mbali mwa tsitsi, m'makutu, m'zikope ndi m'khosi zimaloza ku zodzola kumutu, chifukwa khungu la m'mutu ndi lolimba ndipo mafuta amatsetserekera pofewa. Zozungulira bondo zimaloza ku mafuta othowera nyamakazi. Za m'manja mwa mayi zingachokere ku mafuta amene amadzoza mwana. Zozungulira pakamwa nyengo ya mango zingakhale za utomoni wa khungu la mango. Kenako amafunsa: munayamba liti kudzola, zinayamba liti, mukasiya zimatani? Apa ndi pamene ambiri timadzipweteka tokha. Timabisa. Timaopa kukalipiridwa kuti tinapita kwa azitsamba, kapena sitiwerengera mafuta a nimu ngati mankhwala. Dokotala wobisiridwa amangolota. Nyamulani zonse zimene mumadzola m'jumbo, sopo yemwe, mukazikhuthule patebulo pake.

Ntchito ina ya dokotala ndi kuchotsa matenda ofanana nazo, ndipo apa pali zoopsa. Ngati hositelo yonse ikukanda usiku, m'mipata ya zala, m'chiuno ndi m'khwapa, amenewo ndi mphere, ndipo onse ayenera kulandira mankhwala nthawi imodzi, zofunda n'kuchapidwa. Ziwengo sizipatsirana. Ngati ndi chozungulira chokhala ndi mkombero, chingakhale chipere, ndipo amapala pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Ngati zidzolo zabuka thupi lonse munthu atayamba mapiritsi atsopano monga Bactrim kapena Fansidar, makamaka ngati m'kamwa ndi m'maso mwachita zilonda, imeneyo ndi ngozi, thamangani naye tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati milomo yatupa ndipo akubanika. Ndipo pali china chimene anthu a boma lino sitiyenera kuiwala. Banga lotuwa, losayabwa, loti ukalikhudza ndi thonje mwini wake atatsinzina samva kanthu, lingakhale khate. Khate linachepa kwambiri koma silinathe m'Malawi muno, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Miyezi imene munthu amataya akudzola mafuta a black seed pa banga lotere ndi miyezi imene misempha ya zala zake ikufa, ndipo yakufayo sibwerera.

Pali kuyeza kwina kumene madokotala a khungu amalangiza kuti munthu achite kunyumba. Khungu likapola, dzolani pang'ono mafuta amene mukuwaganizirawo mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, pa malo aakulu ngati bokosi la machesi, m'mawa ndi madzulo, osaphimba, kwa sabata imodzi kapena awiri. Pakayamba kuyabwa ndi tinsungu, siyani pomwepo, mwamugwira wakuba. Yezani chinthu chimodzi pa nthawi. Koma chenjezo: izi ndi za mafuta odzola wamba. Osayesa ndi timabotolo ta mafuta onunkhira kwambiri osasungunula, osayesa pa khanda, ndipo ngati ulendo woyamba munatupa nkhope kapena kuchita matuza akuluakulu, musayese n'komwe, ingosiyani. Kuyezaku kumakuuzani kuti botolo ili ndi loipa kwa inu. Sikukuuzani kuti ndi kemikolo iti mkatimo, ndiye mungakumane nayonso m'sopo kapena m'losheni ina.

Kuno kwathu pali vuto lowonjezera limene a ku Ulaya alibe kwenikweni: dzuwa. Mafuta a tea tree, ochokera ku mtengo wa ku Australia, akakhala atsopano sawenga anthu ambiri. Akakhalitsa, n'kumalowa mpweya, kuwala ndi kutentha, amasintha n'kupanga makemikolo atsopano owenga kwambiri. N'chimodzimodzi ndi limonene wa m'makoko a malalanje ndi mandimu, komanso linalool wa mu lavender. Tsono taganizani za botolo loonekera mkati limene lakhala pa thebulo la pamsika wa Karonga kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, likutsegulidwa kuti ogula anunkhize. Chimene mukugulacho sichimene chinathiridwamo. Za black seed nazonso musazitenge mopepuka. Mu 2018 madokotala a ku France analemba za amayi 3 amene anagonekedwa m'chipatala khungu litachita matuza n'kusupuka atadzola mafuta amenewa.

Nanga aja amene amati, "Koma ine anandithandiza, tsiku limodzi lokha kuyabwa kunatha"? Ine ndikamva choncho ndimachita mantha kwambiri. Mu 1999 madokotala a ku King's College Hospital ku London anayeza mafuta 11 a zitsamba za ku China amene odwala awo ankadzola. Mwa amenewo, 8 anali ndi dexamethasone, steroid wa kuchipatala, osalembedwa pa botolo. Ngati zinachitika ku London, kumene oyang'anira ali maso, kuli bwanji pa malire pamene katoni imawoloka pa njinga? Steroid wamphamvu amaziziritsa kuyabwa kulikonse, inde. Koma akadzoledwa miyezi amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu ndi mizere, amabisa chipere uku chikufalikira, ndipo ukasiya zonse zimabwerera ndi ukali, ndiye umagulanso. Kwa wamalonda ameneyo ndi kasitomala wa muyaya. Steroid ali ndi malo ake, ndipo ndi amene amachiza ziwengozi akaperekedwa pa mlingo woyenera kwa masiku owerengeka. Chimene ndikukana ndi steroid wobisala m'dzina la chitsamba. Amasokonezanso patch test ngati wadzoledwa kumsana masiku oyandikira kuyezako.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukukonzekera kundiyankha. Muti ndine kapolo wa azungu, ndikunyoza nzeru za makolo. Ayi ndithu. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndipo ambiri ankakhala bwinobwino. Mawese a ku Kaporo timadyera ndi kupangira sopo mpaka lero. Koma taonani kusiyana kwake. Agogo ankadziwa mtengo wake, ankakazinga ndi kusinja okha, m'nsupa munali chinthu chimodzi. Chikamuwenga mwana ankadziwa choti asiye. Ndiponso mafuta ofinya ku njere, monga a nsatsi, a mpendadzuwa kapena a malambe, sawenga kawirikawiri. Ovuta kwambiri ndi aja onunkhira otcheza ndi nthunzi kuchokera ku masamba ndi maluwa, amene mulu wa masamba umatulutsa timadontho tochepa. Amenewo agogo sankawadziwa. Botolo la lero muli zinthu 12, perefyumu, utoto, mwina ndi steroid, pamwamba n'kujambulapo tsamba lobiriwira. Chikomekome cha mkuyu. Kutchula zimenezo kuti nzeru za makolo ndiye kunyoza makolowo. Ndipo ndanena kale kuti mankhwala a kuchipatala nawo amawenga. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chubu cha neomycin palembedwa kuti neomycin, ndiye akakuwenga udziwa dzina loti uzilipewa.

Dzinalo ndi limene tikumanidwa. Ku mayiko a European Union, kuyambira 2005 wopanga zodzola amakakamizidwa kulemba pa botolo maina a zonunkhiritsa 26 zodziwika kuti zimawenga, ndipo lamulo la 2023 linawonjezera mndandandawo kupitirira 80. Munthu woyezedwa kumeneko amapatsidwa dzina la mdani wake n'kumawerenga mabotolo m'sitolo. Kuno tili ndi Malawi Bureau of Standards, tilinso ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority imene inabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bodi yakale ya mankhwala ndi poizoni. Pempho langa kwa iwo ndi laling'ono. Chilichonse chogulitsidwa kuti chidzoledwe pa thupi la munthu chikhale ndi maina a zonse zili mkati, dzina ndi malo a wopanga, ndi tsiku limene chinapangidwa. Wopanga woona mtima, ndipo alipo amayi ambiri m'magulu amene akufinya mafuta abwino, sataya kanthu polemba zimenezi. Amene angakane ndi amene ali ndi chobisa.

Koma sindidikira a ku Lilongwe kuti ndilankhule ndi inu anzanga a choko. Ngati mukugulitsa, werengani chimene mukugulitsa, ndipo ngati botolo silinena zili mkati, libwezeni kumene munalitenga. Kasitomala akabwera akukanda, muuzeni asiye lero lomwe ndipo apite kuchipatala ndi botololo, ngakhale phindu la mwezi uno lithere pomwepo. Ana a sukulu musawagulitse n'komwe. Amatroni ndi aphunzitsi oyang'anira hositelo, mwana akatupa nkhope funsani kaye chimene wadzola sabata yonseyo, osati dzulo lokha, ndipo funsani ngati anabwereka mafuta a mnzake. Pamene khungu likupola, Vaseline woyera wopanda fungo ndi wokwanira. A Bayoloje, tikafika pa mutu wa chitetezo cha m'thupi, tiyeni tiwauze ana abwere ndi mabotolo opanda kanthu a zimene amadzola kunyumba, tiwerenge limodzi zolembedwapo, tiwerengenso kuti ndi angati amene sanalembedwe kalikonse. Kalasi langa la Fomu 4 lichita zimenezi teremu ikubwerayi, ndipo amene muchite nawo ku masukulu anu mundiuze zimene mupeze.